Chipata chimodzi cholowera pa intaneti: nkhani ya Chrome ndi mlimi wa ku Angónia

Kachewere akayenda bwino pa msika wa ku Domwe, kapena ndalama za fodya zikatuluka, chimodzi mwa zinthu zimene mabanja ambiri a m'boma la Angónia amathamangira kukagula ndi foni yamakono, ija yotsetsereza ndi chala. Kawirikawiri imakhala Itel kapena Tecno, yogula m'sitolo ku Ulongwe kapena kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Lizulu. Wogulitsa amaichotsa m'katoni, n'kulowetsamo simu khadi, n'kuiyatsa. Pagalasi pamakhala pali kale kachizindikiro kozungulira, kofiira, kachikasu ndi kobiriwira, kokhala ndi kadontho kabuluu pakati. Palibe amene amafunsa wogulayo ngati akukafuna. Amakapeza kalipo, ndipo m'mafoni ambiri sikachotseka.

Kachizindikiro kameneko ndi Chrome, pulogalamu ya kampani ya Google ya ku America. Ntchito yake ndi kutsegula masamba a pa intaneti. Pa Chipwitikizi pulogalamu yotere amaitcha navegador, pa Chingerezi amati browser, mawu amene pakamwa pa Mchewa amatuluka ngati bulawuza. Wofuna kuona mtengo wa soya, zotsatira za mayeso a mwana, kapena tsiku limene mvula ikuyembekezeka, amadzera pamenepo. Malinga ndi kampani ya StatCounter, imene imawerengera zinthu zimenezi, pa masamba atatu alionse amene amatsegulidwa padziko lonse, pafupifupi awiri amatsegulidwa ndi Chrome. Safari ya kampani ya Apple ili pa nambala yachiwiri, koma ili kutali kwambiri. Firefox, imene kale inali yotchuka, yatsala ndi anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse.

Kwa zaka zingapo tsopano makhoti a ku Ulaya ndi ku America akhala akulimbana ndi Google pa nkhani imeneyi. Kuimvera patali, imaoneka ngati ndewu ya anthu olemera okhaokha. Koma zimene kampaniyo imasankha ku California zimafika mpaka pa mamega amene mlimi wa ku Tsangano wagula ndi ndalama ya kabichi.

Msika wopanda mwini

Masamba a pa intaneti sanayambitsidwe ndi kampani. Mu 1989, katswiri wina wa ku England, Tim Berners-Lee, amene ankagwira ntchito ku bungwe la kafukufuku la CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, anapeza njira yolumikizira zolemba zimene zili m'makompyuta osiyanasiyana kuti munthu azidumpha kuchoka pa china kupita pa china. Pa 30 Epulo 1993, CERN inalengeza kuti njirayo ndi ya aliyense, yosalipiritsa. Chiganizo chimenecho ndicho chinabala intaneti imene anthu akuidziwa lero.

Zinakhala ngati msika waukulu wa pabwalo. Aliyense angathe kuyala katundu wake, kutanthauza kutsegula tsamba lake, popanda kukagwada kwa kampani iliyonse. Tsamba lililonse lili ndi adiresi yake, ndipo aliyense wodziwa adiresiyo amafikapo. Kuti zimenezi zitheke, panafunika kugwirizana za kalembedwe ka masambawo, monga momwe pa msika kilo imakhalira kilo, kaya sikelo ndi ya ndani. Mu 1994 Berners-Lee anayambitsa bungwe la W3C, kumene makampani ndi akatswiri amakambirana malamulo a kalembedweko. Mfundo yake inali yoti tsamba lolembedwa motsatira malamulowo litseguke pa bulawuza iliyonse, pa kompyuta yodula ndi yotchipa yomwe.

Malamulo otere amagwira ntchito ngati pali mabulawuza angapo amphamvu zofanana, chifukwa palibe imene ingachite zayokha. Ikatsala imodzi yaikulu, zimene iyo yachita ndizo zimasanduka lamulo, kaya anzake avomereza kapena ayi.

Wina anganene kuti mabulawuza alipo ambiri: Opera, Edge, Brave, Samsung Internet. Mayina ndi ambiridi. Koma bulawuza ili ngati minibasi. Kunja ina ndi yoyera, ina ndi yabuluu, iliyonse ili ndi dzina lake pagalasi lakumbuyo, koma ukatsegula pansi pa mpando wa dalaivala upeza injini ndi imodzimodzi. Injini ya bulawuza ndi gawo limene limawerenga tsamba n'kulijambula pagalasi. Opera inasiya injini yake mu 2013 n'kutenga ya Google. Microsoft, ndi chuma chake chonse, inachita chimodzimodzi, ndipo Edge yatsopano inatuluka mu Januwale 2020 ili ndi injini ya Google. Brave ndi Samsung Internet nazonso zimayendera yomweyo. Padziko lonse patsala mainjini atatu okha odziwika: Blink ya Google, WebKit ya Apple ndi Gecko ya Firefox. Popeza iPhone ndi yosowa m'midzi ya kuno, tinganene kuti pafupifupi foni iliyonse ya ku Angónia imaona intaneti kudzera m'maso a kampani imodzi.

Chilungamo chake n'choti Chrome ndi pulogalamu yabwino. Inatuluka mu Seputembala 2008 ili yachangu kuposa zinzake, ndi yaulere, ndipo imakonzedwa pafupipafupi pofuna kutseka mipata ya akuba. Maziko ake, otchedwa Chromium, ndi otseguka kwa aliyense wofuna kuwatenga, n'chifukwa chake makampani enawo anawatenga. Koma ambiri mwa akatswiri amene amawalemba amalipidwa ndi Google, ndipo mawu omaliza pa zolowa ndi zotuluka amakhala a Google.

Mlimi wa fodya wa kontarakiti sangavutike kumvetsa vuto lake. Amaudziwa mtima umene munthu amakhala nawo pamene wopereka mbewu, wokongoza feteleza, woika giredi ndi wogula ali mmodzi yemweyo. Kampaniyo ingakhale yachilungamo ndithu, koma mlimi alibe kwina kokayerekezera. Pa foni zinthu zili motere: Android, imene imayendetsa foniyo, ndi ya Google. Play Store, kumene mapulogalamu amatengedwa, ndi ya Google. Chrome ndi ya Google. Kabokosi kofufuzira nkhani ndi ka Google. YouTube ndi ya Google. Ndipo malonda ambiri amene amaonekera pa masamba amadzera kwa Google, amene ndalama zake pafupifupi magawo atatu mwa anayi zimachokera ku kutsatsa malonda komweko.

Mmene inalowera m'thumba la aliyense

Ubwino wokha sunaifikitse pamene ili. Mu Julayi 2018, bungwe la European Commission linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni litapeza kuti kampaniyo inkauza opanga mafoni kuti akafuna Play Store, ayenera kuikiratu Chrome ndi kabokosi kofufuzira ka Google. Wopanga foni sakanakana, chifukwa foni yopanda Play Store ndani angaigule? Google inachita apilo, ndipo mu 2022 khoti la ku Ulaya linavomereza mbali yaikulu ya chigamulocho, n'kungotsitsa chindapusacho pang'ono kufika pa mayuro 4.125 biliyoni.

Ku America mlandu unali wa kufufuza nkhani. Pa 5 Ogasiti 2024, woweruza Amit Mehta wa ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya lamulo pogwira msika wonse wa kufufuza m'manja mwake. M'khotimo munatuluka chiwerengero chimene chinadabwitsa ambiri: m'chaka cha 2021 chokha, Google inalipira madola 26.3 biliyoni kwa makampani a mafoni, a manetiweki ndi a mabulawuza kuti munthu akangotsegula foni, apeze kabokosi kake kali kale pamalo. Apple yokha inalandira madola 20 biliyoni mu 2022. Kampani siingataye ndalama zotere pachabe. Imadziwa kuti anthu ambiri sasintha chimene achipeza, amangopitiriza nacho.

Boma la America linapempha kuti Google ikakamizidwe kugulitsa Chrome. Mu Seputembala 2025 woweruza yemweyo anakana. Analetsa mapangano otsekera ena kunja, nalamula kuti Google igawaneko zina ndi opikisana nayo, koma Chrome inatsala m'manja mwake, ndipo kulipira makampani ena sikunaletsedwe. Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale Firefox, imene ili ndi injini yakeyake, imapuma ndi mpweya wa Google: ndalama zoposa magawo 80 pa 100 za Mozilla, eni ake a Firefox, zimachokera ku pangano lomwelo loika kabokosi ka Google patsogolo.

Pamene zimaluma kuno

Chitsanzo chomveka kwambiri ndi cha mamega. Kwa zaka zingapo Chrome ya pa Android inali ndi batani lopulumutsa data, limene pambuyo pake linatchedwa Lite mode. Munthu akaliyatsa, masamba ankayamba afinyidwa kaye asanafike pa foni, ndipo pakoti inkakhalitsa. Mu Malichi 2022 Google inalichotsa. Chifukwa chimodzi chimene inapereka chinali chakuti mtengo wa data watsika m'maiko ambiri. Mwina watsikadi kumene amene anapanga chiganizocho amakhala. Ku Mozambique, patangopita zaka ziwiri, mu Meyi 2024, bungwe loyang'anira za mafoni la INCM linakhazikitsa mitengo yatsopano imene inathetsa mapakoti opanda malire, ophunzira anaguba m'misewu ya ku Maputo, ndipo boma linachita kulamula kuti mitengoyo iimitsidwe. Dziko limene anthu amagubira mtengo wa mamega silinafunsidwe pamene batani lopulumutsa mamegawo linkachotsedwa. Linangosowa usiku umodzi, foni itadzikonza yokha.

Nkhani ya malonda ndi yogwirizana ndi imeneyi. Tsamba limene lili ndi mawu ochepa chabe limatha kudya mamega ambiri chifukwa cha zithunzi ndi mavidiyo otsatsa malonda amene amadzitsegula okha, komanso timapulogalamu tobisika totsata zimene munthu akuwerenga. Zonsezo amalipira ndi mwini foni. Pali zida zotchingira malonda oterewa, ndipo chodziwika kwambiri ndi uBlock Origin. Pa Chrome ya pa foni ya Android zida zotere sizilowa n'komwe. Pa Chrome ya pa kompyuta zinkalowa, koma Google inasintha malamulo ake, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2024 inayamba kuzimitsa uBlock Origin yathunthu. Kampaniyo imati inachita izi pofuna chitetezo. Mwina ndi zoona. Komabe pamene mwini chipata ndi yemwenso amadya za malonda, munthu ali ndi ufulu wokayikira. Ziyenera kunenedwanso kuti masamba ambiri a nkhani, aang'ono ndi aakulu omwe, amadalira malondawo kuti alipire antchito, choncho kutchinga zonse kuli ndi mtengo wake. Funso ndi lakuti asankhe ndani, mwini mamega kapena mwini bulawuza.

Ndiye pali mafoni akale. Mafoni ambiri m'midzi ya m'malire ndi ogwiritsidwa kale ntchito: otumizidwa ndi m'bale wa ku Joni, osiyiridwa ndi mwana wa ku Tete kapena ku Beira, ogula pa benchi. Google ndiyo imasankha tsiku limene foni yakalamba. Kumapeto kwa 2023 Chrome inasiya kukonzedwa pa Android 7, ndipo mu Ogasiti 2025 inasiya Android 8 ndi 9. Foni yotere imagwirabe, Chrome yake imatsegukabe, koma silandiranso zotseka mipata ya akuba, ndipo pang'onopang'ono masamba ena amayamba kuikana. Ku Ulaya munthu amangogula ina. Kuno foni yoteroyo ndi imene imasunga M-Pesa kapena e-Mola ya banja lonse.

Choopsa china chimabwera mwakachetechete. Opanga masamba akaona kuti pafupifupi aliyense ali ndi Chrome, amasiya kuyesa ntchito yawo pa mabulawuza ena. Tsamba la banki, la sukulu kapena la ofesi ya boma limayamba kugwira bwino pa Chrome yokha. Wogwiritsa ntchito ina amaona fomu ikukana kutumizika, n'kuganiza kuti bulawuza yake ndiyo yoipa, n'kubwerera ku Chrome. Akatero, opanga masamba amapeza chifukwa china chosayesera kwina. Popeza masiku ano ngakhale kulembetsa mayeso olowera ku mayunivesite a boma kumachitikira pa intaneti, mwana wa ku Angónia wofuna malo ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe konkuno sangachitire mwina koma kudzera pa chipata chimene tsambalo likuchidziwa.

Dziko linaziwonapo kale zimenezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Internet Explorer ya Microsoft inali ndi anthu oposa 90 pa 100 alionse, itagwetsa Netscape poikidwiratu m'kompyuta iliyonse ya Windows. Boma la America linaisumira Microsoft mu 1998 pa nkhani yomweyo. Mpikisano utatha, kampaniyo inagona: Internet Explorer 6 inatuluka mu 2001, ndipo yotsatira yake inadzabwera mu 2006. Zaka zisanu anthu akuvutika ndi pulogalamu yodzaza mabowo. Ku South Korea zinafika poipa. Kuyambira cha m'ma 1999 njira yotetezera mabanki ndi malonda a pa intaneti m'dzikomo inkagwira pa Internet Explorer yokha, moti kwa zaka zoposa khumi munthu sankatha kutumiza ndalama kapena kugula katundu ndi bulawuza ina. Dziko lolemera, la akatswiri ambiri, linavutika zaka kuti lidzimasule. Internet Explorer inaikidwa m'manda mu Juni 2022. Mlimi amene anadzalapo mtundu umodzi wa kachewere munda wonse, chiwawu n'kubwera, amadziwa chimene chimachitika.

Zizindikiro zoti mphamvu yotere ingagwiritsidwe ntchito zilipo. Mu 2015 Google inayambitsa kalembedwe kake ka masamba kotchedwa AMP, ndipo kwa zaka zingapo nyuzipepala yofuna kuoneka pamwamba pa nkhani zofufuzidwa pa foni inkayenera kukatsatira. Lamulolo linachotsedwa mu 2021. Mu 2023 akatswiri ake anabweretsa ganizo lotchedwa Web Environment Integrity, loti tsamba lizitha kufunsa kaye ngati foni ndi bulawuza ya munthu ndi zovomerezeka lisanamutsegulire. Anthu ambiri, kuphatikizapo a Mozilla, anakana mwamphamvu, poona kuti foni yakale kapena yokonzedwa pa benchi ikhoza kutsekeredwa kunja, ndipo Google inalisiya mu Novembala chaka chomwecho. Linalephera chifukwa panali ena oti n'kukana.

Mpanda wachiwiri

Kunena zoona, anthu ambiri a kuno Chrome yomweyo saitsegula kawirikawiri. Kwa iwo intaneti ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo zonse ziwiri ndi za kampani imodzi, Meta. Izi sizinangochitika. Mu Julayi 2014 Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kuyambitsamo pulogalamu yake ya Internet.org, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, yolola anthu kulowa pa Facebook ndi masamba ena ochepa osankhidwa popanda kulipira. Mu 2015 inafika ku Malawi, n'kufalikira m'maiko ena ambiri a mu Africa. India anailetsa mu Febuluwale 2016, ponena kuti kampani siyenera kusankhira anthu masamba aulere ndi olipira. Kuno m'chigawo chino cha Africa njirayo inakhazikika, ndipo makampani a mafoni a mbali zonse ziwiri za malire anazolowera kugulitsa mapakoti a WhatsApp ndi Facebook motchipa kuposa a intaneti yonse.

Zotsatira zake zimaoneka tsiku lililonse. Munthu amalandira uthenga pa gulu la WhatsApp wonena kuti mtengo wa soya wagwa, kapena kuti mankhwala akuti amapha mbozi za m'chimanga. Pansi pake pali adiresi ya tsamba, koma akaidina sitseguka, chifukwa pakoti yake ndi ya WhatsApp yokha. Amatsala ndi mphekesera, alibe kokaitsimikizira. Chonsecho pa masamba otseguka pali zinthu zimene zikanamuthandiza: SIMA, nthambi ya unduna wa zaulimi imene imasonkhanitsa mitengo ya mbewu m'misika ya dziko lino, imatulutsa chikalata chake chotchedwa Quente-Quente, ndipo INAM imaika zolosera zanyengo pa tsamba lake.

Kuopsa kodalira khomo limodzi kunaoneka poyera pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Bungwe la NetBlocks, limene limayang'anira kuyenda kwa intaneti padziko lonse, linanena kuti intaneti ya pa mafoni inadulidwa m'dziko muno pa 25 Okutobala, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinatsekedwa pa manetiweki a mafoni. Pamene intaneti yonse yadulidwa, palibe bulawuza imene ingathandize. Koma pa masiku amene anangotseka mapulogalamu atatuwo, masamba ena ankatseguka. Amene ankadziwa kulemba adiresi ankawerengabe nkhani. Amene malonda awo onse, makasitomala awo ndi mauthenga a kwa abale zinali mu WhatsApp, anangoti kakasi. Kutseka makomo atatu n'kosavuta kusiyana ndi kutseka masamba mamiliyoni.

Chinenero nachonso chili pakati pa nkhaniyi. Masamba olembedwa m'Chichewa ndi ochepa, ndipo Wikipedia ya Chichewa ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya Chipwitikizi. Zambiri zimene Achewa amalemba masiku ano zili m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, kumene sizifufuzika bwino, ndipo zimakwiririka pakangopita sabata. Malangizo abwino a mlangizi wa zaulimi, olembedwa m'Chichewa chomveka, akaikidwa pa tsamba lokhala ndi adiresi yake, mlimi wa ku Macanga, wa ku Ntcheu kapena wa ku Katete angawapeze ngakhale patapita zaka zisanu.

Ndani angailetse

Ku Ulaya kuli lamulo latsopano la misika ya pa intaneti, ndipo kuyambira mu Malichi 2024 munthu wa kumeneko akagula foni amafunsidwa bulawuza imene akufuna, pa mndandanda wa mayina angapo. Foni ya mtundu womwewo ikagulitsidwa ku Ulongwe, funsolo silibwera, chifukwa palibe lamulo lokakamiza. Mozambique ili ndi lamulo la mpikisano pa malonda la 2013 ndi bungwe lake, Autoridade Reguladora da Concorrência, limene linatenga zaka zingapo kuti liyambe kugwira ntchito. Bungwe la mpikisano la COMESA lili ndi likulu lake ku Lilongwe, ulendo wa maola ochepa kuchoka pa chipata cha Kalomwe, koma limateteza Malawi ndi Zambia. Mozambique si membala. Dziko limodzi la mu Africa palokha ndi msika waung'ono kwa makampani amenewa, ngakhale kuti Nigeria inaonetsa kuti n'zotheka kuwaimika pamene mu Julayi 2024 inalipiritsa Meta madola 220 miliyoni pa nkhani ya kagwiritsidwe ntchito ka zinsinsi za anthu.

Pali zina zimene sizidikira khoti. Ofesi ya boma, sukulu, koperativa kapena wailesi ikamalemba ganyu munthu wopanga tsamba, ingathe kuika m'pangano kuti tsambalo liyesedwe pa Firefox komanso pa foni yotchipa ya Itel, pamalo amene netiweki ndi yofooka, ndalama isanalipiridwe. Tsamba la mawu ambiri ndi zithunzi zochepa limatseguka paliponse. Gulu la alimi limene lili ndi tsamba la Facebook lokha likhale likudziwa kuti lamanga nkhokwe pabwalo la eni.

Kwa munthu payekha, nzeru yake si yachilendo m'dera lino. Anthu a m'malire amayenda ndi masimu awiri, Movitel kapena Vodacom mbali ino, TNM kapena Airtel mbali inayo. Amasunga meticais m'thumba lina, kwacha m'thumba lina, ndipo asanagulitse nyemba amafunsa mtengo wa ku Biriwiri ndi wa ku Ulongwe. Foni imalolanso kukhala ndi mabulawuza awiri. Firefox imapezeka mwaulere pa Play Store, ili ndi injini yosiyana, imalola kuika uBlock Origin, ndipo imagwirabe pa mafoni ena akale amene Chrome inawasiya. Vuto lake ndi lakuti pa foni yaing'ono kwambiri imatha kuyenda mwaulesi, ndipo kuitenga kumadya mamega angapo, choncho ndi bwino kuitengera pamalo pamene pali Wi-Fi. Opera Mini, imene ambiri anaizolowera pa mafoni a mabatani, imafinya masamba n'kupulumutsa data, koma imatero podutsitsa zimene munthu akuwerenga m'makompyuta a kampani yake, choncho si yoyenera kutsegulira za ku banki.

Kusintha bulawuza imene imatsegula maadiresi kumatenga mphindi imodzi. Pa foni yoikidwa m'Chipwitikizi, munthu amalowa pa Definições, kenako Aplicações, n'kufufuza pamene palembedwa aplicações predefinidas, n'kusankha navegador imene akufuna. Mayinawa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma anyamata okonza mafoni pa msika amawadziwa. M'bulawuza iliyonse mulinso malo osinthira kabokosi kofufuzira, kuchoka pa Google kupita pa ena monga DuckDuckGo kapena Bing, ngakhale kuti pa mawu a Chichewa onsewo amapunduka.

Ndipo pamwamba pa bulawuza iliyonse pali kamzere kolembapo adiresi. Wolemba inam.gov.mz pamenepo amafika ku tsamba la zanyengo mwachindunji, osadzera pa mndandanda umene wina wamusankhira, ndipo akadina kanyenyezi kosungira tsambalo, mawa safunikanso kulemba.